Tchuthi cha ku Mulanje sichithera pa Sapitwa

Anthu akamva kuti munthu wapita kukakwera phiri la Mulanje, funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi mwakafika pa Sapitwa?" Funsoli n'lomveka, pakuti nsonga imeneyi, yomwe ndi ya mamita 3,002, ndiyo malo okwera kuposa ena onse m'Malawi muno. Koma ndaona kuti funso lomweli ndilo limabweza m'mbuyo anthu ambiri amene akanasangalala ndi phirili, chifukwa amaganiza kuti kupita ku Mulanje n'kukayesa mphamvu basi, ndipo akaona msinkhu wawo kapena maondo awo, amangoti zimenezo n'za anyamata ndi alendo a kunja. Pa tchuthi changa chapitachi ndinapitako ndi anzanga a kuntchito, ndipo zambiri zimene ndinasangalala nazo zinali kutali ndi nsongayo.

Tinanyamuka ku Limbe pa minibasi yodzera msewu wa Midima, n'kukatsikira pa Chitakale, pamene msewu wa ku Phalombe umapatukira. Apa ndi pamene munthu ayenera kugulira kamba yense wa ulendo, chifukwa m'phiri mulibe golosale ngakhale imodzi. Ife tinagula ufa, usipa, nyemba, tomato, mchere, shuga ndi masamba a tiyi, komanso nanazi zimene amayi amaziyala m'mbali mwa msewu, zimene kutsekemera kwake sikufanana ndi kwa nanazi zomwe zimafika m'tauni zitafota kale. Kuchokera pa Chitakale kukafika ku Likhubula, komwe kuli ofesi ya zankhalango ndi chipata cholowera m'phiri, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 10, ndipo a kabaza ya njinga zamoto amakhala ali chire kudikira alendo.

Ku Likhubula n'kumene munthu amalipira polowera, n'kupezanso omulondolera njira ndi omunyamulira katundu. Ena amaona ngati kulemba anthu amenewa n'kuwononga ndalama, makamaka akakhala Amalawi amene amati phiri ndi lakwawo. Ine sindigwirizana nawo. Nyengo ya m'phirili imasintha mwadzidzidzi, ndipo chifunga chikagwa, munthu saona ngakhale mwala umene uli patsogolo pake. Mu 2003 ndi mu 2009 alendo ochokera kunja anatayika pa Sapitwa ali okha, ndipo palibe amene anabwerako wamoyo. Kuwonjezera apo, ndalama imene mumapatsa mnyamata wa ku Likhubula ndi imene imachititsa kuti aone phirili ngati munda womudyetsa chaka ndi chaka, osati malo ongodulako mitengo ya makala.

Amene safuna kukwera kwambiri, kapena ali ndi ana ndi okalamba, malo awo ndi Dziwe la Nkhalamba. Kuchokera pa chipata ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi, m'njira yokwera pang'onopang'ono yotsata mtsinje wa Likhubula. Pamenepo madzi amagwa kuchokera pa thanthwe n'kupanga dziwe lakuya, loyera mbee m'mbali ndi lobiriwira pakati. Madzi ake ndi ozizira kwambiri moti mnzathu wina, amene anadzitama njira yonse kuti anakulira ku Nkhata Bay, anatulukamo milomo ikunjenjemera asanasambire n'komwe. Tinakhala pa miyala yotentha ndi dzuwa tikudya nanazi, kwinaku apusi akutiyang'ana ali m'nthambi, kudikira kuti wina atembenuke kuti atole kanthu. Pa dziweli pamafunika kusamala, chifukwa miyala yake ndi yoterera, ndipo amene sadziwa kusambira asayerekeze kudumphira pakati, makamaka m'nyengo ya mvula pamene madzi amadzaza mofulumira ngakhale mvulayo itagwera kumtunda kokha.

Kuchokera pa dziweli njira ya Chapaluka imapitirira kukwera mpaka ku Chambe. Ilipo njira ina, ya Skyline, imene ndi yaifupi koma yoima kwambiri, ndipo dzina lake linachokera ku chingwe chimene kale ankatsitsira matabwa kuchokera pamwamba. Ife tinakwerera ya Chapaluka, chifukwa imadutsa m'nkhalango ya mthunzi ndipo imawoloka mitsinje ing'onoing'ono pamene munthu amatha kumwa madzi ndi kupumula. Imatenga maola atatu kapena anayi, malinga ndi miyendo ya munthu.

Chimene anthu oonera phirili ali m'munsi sadziwa n'chakuti pamwamba pake pali dziko lina lathyathyathya, la madambo, udzu, timitsinje ndi maluwa, pa malo okwera mamita pafupifupi 2,000, ndipo nsonga zambirimbiri zimatumphuka m'zidikha zimenezi. Mukafika m'chidikha cha Chambe, kutsogolo kwanu kumaima nsonga ya Chambe, ya mamita oposa 2,500, yomwe mbali yake ya kumadzulo ndi thanthwe loima chilili limene akatswiri okwera ndi zingwe amabwerera kuchokera ku mayiko akutali. Kuyenda m'zidikhazi sikutopetsa ngati kukwera kwa poyamba kuja, ndipo kwa ine ndi kumene tchuthi chenicheni chinayambira.

M'phirimo muli nyumba zogona alendo zingapo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu ndi Chisepo, ndipo zinamangidwa motalikirana bwino moti munthu amatha kuchoka pa ina m'mawa n'kukafika pa inzake dzuwa lisanalowe. Si nyumba zapamwamba. Muli chipinda cha matabwa, tebulo, mipando ndi malo osonkhapo moto, ndipo mlonda wa pamalopo amakutungirani madzi ndi kukupezerani nkhuni. Zofunda muyenera kunyamula nokha, ndipo zikhale zochindikala, chifukwa mu June ndi July usiku kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu. Madzulo tinkaphika nsima pa moto womwewo, ife ndi otinyamulira katundu mphika umodzi, ndipo m'pamene nkhani za phirili zinkatuluka. Anatisimbira zimene makolo awo ankanena, zoti m'phirimo mumakhala mizimu, ndi kuti ukapeza chakudya chophikaphika panjira uyenera kudya wekha mwakachetechete osaitana mnzako. Wina anakamba za Napolo ndi madzi amene anakokolola midzi ku Phalombe mu 1991, ndipo nkhaniyo inatifikitsa pa namondwe wa Freddy wa mu March 2023, amene zipsera zake zikuonekabe m'mbali mwa phiri, pamene nthaka ndi miyala zinagumuka. Munthu akhulupirire za mizimuzo kapena ayi, ulemu umene anthu a kuno amapereka ku phirili ndi mbali imodzi ya zimene zinachititsa bungwe la UNESCO kuliika pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse mu 2025.

Chinthu chimodzi chinandiwawa mtima. Mkungudza wa ku Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu ndipo mwachilengedwe umamera m'phiri lokhali, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa. Poyenda kuchokera ku Chambe kupita ku Lichenya tinadutsa zitsa zikuluzikulu zotuwa, zina zikununkhirabe ukazikanda ndi mpeni. A Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi midzi yozungulira akhala akubzala mbande zambirimbiri, ndipo wotilondolera anatisonyeza timitengo tina tongofika m'chiuno. Choncho pamene ogulitsa ziboliboli ku Likhubula ananditsatsa kabokosi konunkhira ka mkungudza, ndinakana mwaulemu n'kugula ndodo ya mtengo wina.

Ku Sapitwa anzathu ena anapitako, atagona pa Chisepo ndi kulawirira kusanache. Anabwerako osangalala, manja atasupuka ndi miyala, chifukwa mbali yaikulu ya njirayo munthu amakwawa ndi kudzipanikiza m'mipata ya matanthwe. Ndikuwalemekeza, koma sindinachite nawo nsanje.

Titatsika, tsiku lotsala tinalithera m'minda ya tiyi ya m'tsinde mwa phiri, kumene mbewuyi yakhala ikulimidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1890. Kuyenda m'tinjira ta pakati pa tiyi m'mamawa, othyola masamba ali ndi madengu kumsana, ndi chinthu choyenera kuchita, bola mupemphe chilolezo kwa eni esiteti. Okonda mbiri angathe kuzungulira kupita ku Fort Lister, pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pamene atsamunda anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo.

Nyengo yabwino yokwerera phirili ndi kuyambira mu May mpaka mu October, ngakhale kuti m'miyezi yozizira chiperoni chimatha kutseka phiri kwa masiku angapo. Obwera mu July angaonere mpikisano wa pachaka wa Porters' Race, pamene othamanga amakwera kuchokera ku Likhubula kudzera ku Chambe ndi Lichenya n'kutsikanso m'maola ochepa chabe, pomwe obwera mu October angaphatikize ulendowu ndi chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe pa Chonde.