Moto wa Gasi ku Niger Delta ndi Udindo wa Makampani a Mafuta

Pa phunziro lathu la udindo wa makampani kwa anthu ndi chilengedwe, nkhani imene yandiganizitsa kwambiri ndi ya gasi amene amawotchedwa pa zitsime za mafuta ku Niger Delta, m'dziko la Nigeria. Mafuta akamapopedwa pansi amatuluka limodzi ndi gasi, ndipo popeza kumutolera ndi kumufikitsa kumsika kumalira mapaipi ndi makina okwera mtengo, makampani ambiri amangomuyatsa pamwamba pa chitoliro, moto n'kumayaka usana ndi usiku. Anthu a m'midzi yoyandikana nawo akhala akudandaula za chifuwa, mphumu, malata ochita dzimbiri msanga ndiponso mbewu zopinimbira, ngakhale kuti umphawi umachititsa amayi ena kuyanika chinangwa chawo pafupi ndi moto womwewo.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti lamulo loletsa mchitidwewu ndi lakale ndithu. Mu 1979 boma la Nigeria linalamula kuti pofika Januwale 1984 kuwotcha gasi kukhale kutatha, koma lamulo lomwelo, litasinthidwa pambuyo pake, linapatsa nduna mphamvu yololeza kampani kupitiriza bola izilipira chindapusa. Kwa zaka zambiri chindapusacho chinali chochepa poyerekeza ndi mtengo wa makina osungira gasi, choncho munthu aliyense wowerengera ndalama za kampani ankaona msanga kuti kulipira n'kotchipa kusiyana ndi kusiya. Mu 2005 khoti lalikulu la ku Benin City, pa mlandu umene Jonah Gbemre anasumira kampani ya mafuta ya Shell ndi kampani ya mafuta ya boma ya NNPC m'malo mwa anthu a dera la Iwherekan ku Niger Delta, linagamula kuti kuwotcha gasi kumaphwanya ufulu wokhala ndi moyo ndiponso ulemu wa munthu. Chigamulo chinamveka, koma moto sunazime.

Apa ndi pamene ndasiyana maganizo ndi anzanga ena m'kalasi, amene amayeza udindo wa kampani powerenga sukulu, zipatala ndi mijigo imene yamangira anthu. Zinthu zimenezi ndi zabwino, koma kwa ine chipatala chomangidwa ndi kampani imene utsi wake ukudwalitsa odzagonekedwamo sichingakhale umboni wa udindo. Boma nalonso silingadzichotse pa mlanduwu, chifukwa NNPC ndiyo inali ndi gawo lalikulu, 55 peresenti, mumgwirizano wopopa mafuta umene Shell inkayendetsa, kutanthauza kuti wolanga ndi wolangidwa ankadyera mbale imodzi.

Mu 2015 World Bank inayambitsa pangano loti kuwotcha gasi kwa tsiku ndi tsiku kuthe pofika 2030, koma ndi pangano lolowa mwakufuna ndipo wolephera salangidwa. Kenaka mu 2025 Shell inamaliza kugulitsa kampani yake ya zitsime za kumtunda kwa gulu la makampani lotchedwa Renaissance. Funso limene ndasankha kulembapo mayeso a chigawo chino ndi lakuti, kodi zowonongeka za zaka zonse zija zimatsala ndi wogulitsa kapena zimasamukira kwa wogula?