Ulendo wa ku Pretoria ndi mlandu wa uta wokalika

Inu a gulu lathu loponya mivi amene munatsala, imvani mmene tayendera. Basi tinakwerera ku Wenela, kudzera pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, mpaka pa Beitbridge pomwe mzere unatifooketsa mawondo. A Tcheya anagona njira yonse, koma lero ndi amene akusimba za mlatho wa Zambezi kuposa tonsefe. Nkhuku yootcha ya amayi Msungichuma inathera pa Zobue, ndipo amene anadya ntchafu zonse ziwiri akudzidziwa.

Anzathu oponya mivi a ku Pretoria anatilandira bwino. Anatiphunzitsa kuti pampikisano uta wa compound, wokhala ndi timawilo kunsonga, amaponyera pa mamita 50, chandamale chake ndi cha masentimita 80, ndipo mphamvu yokokera isapitirire mapaundi 60. Areneo David uja anatiimirira ku Rio mu 2016 ndi uta wa recurve, wopanda timawilo, umene amaponyera pa mamita 70. Wa compound ulowa koyamba m'masewero a Olimpiki ku Los Angeles mu 2028.

Nkhani yeniyeni inabuka pogula uta wa gulu. Anatibweretsera mauta awiri ogwiritsidwapo kale ntchito. Wina unali wonyezimira, winawo penti itasupuka pogwirira, pambali podutsa muvi patachita mizere yoyera. Amayi Msungichuma atangouona anafumbata chikwama.

"Ndalama za gulu zigule chokalika chonchi? Anthu akatiseka ku Blantyre!"

A Mlembi anayankha kuti penti siponya muvi. Apo ndiye zinavuta, mpaka nkhani ya mayunifolomu ija, imene tinagwirizana kuti tisadzaitchulenso, inadzuka. Eni malo ankangotiyang'ana, Chichewa osamva koma akudziwa kuti pano sipakuimbidwa nyimbo.

Anatilanditsa ndi mdala wina amene amakonza mauta pakalabupo. Anati chogwirira n'cha aluminiyamu, kukalika kwa pamwamba n'chizindikiro chabe chakuti uta wagwira ntchito. Poopsa ndi pamikono, imene imapindika pokoka. Anatenga thonje n'kulipititsa pang'onopang'ono m'mphepete mwa mkono uliwonse, amvekere pakakhala mng'alu ngakhale wosaoneka, thonje limakodwa. Kenako anayendetsa chikhadabo m'kangalande ka timawilo ta kunsonga tija, kufuna pakuthwa pomwe pangadule nsinga. Nsinga ikangochita ubweya mumaipaka phula, koma ulusi ukaduka mumasintha, osanyengerera.

Pa uta wokalika thonje linadutsa bwinobwino. Pa wonyezimira, umene amayi anali ataukumbatira kale, linakodwa pafupi ndi wilo lam'munsi, n'kusiya kaulusi kakulendewera. Mdalayo anati mwina wina anaukoka n'kusiya nsinga popanda muvi, mphamvu yonse n'kubwerera m'mikono. Anauchotsa patebulo pomwepo.

Musaganize kuti amayi anagonja. Anatembenukira mwini wa uta wokalika n'kuyamba kumuwerengera mizere umodziumodzi, mpaka mtengo unatsika ndipo anationjezera phula. A Mlembi, amene ankatsutsana nawo aja, ndi amene anayamba kuwomba m'manja.

Tikuthokoza eni malo chifukwa cha nyama yootcha ndi papa, nsima ya kumeneko, ngakhale a Tcheya akuti nsima yake inali yosapsa. Zikomonso achimwene athu a ku Johannesburg amene anatigoneka pabalaza, ndi mnyamata wathu amene ananyamula bokosi la uta pamiyendo ulendo wonse wobwerera, kukana kuliika m'buti.

Uta uli kwa a Mlangizi. Loweruka tikuyamba kuuyesa, ndipo aliyense woukoka wopanda muvi akagula yekha wina. Amene simunamalize chopereka cha ulendo, amayi ali ndi kope lija.