Kaundula wa mbalame: sabata la 14 ku dambo la Monavale

Mvula ya Lachisanu usiku inadzaza dambo la Monavale, la mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, moti Loweruka ndinamira m'matope mpaka m'mawondo, nditavala majombo obwereka kwa alamu anga. Mitundu ya mbalame m'kope mwanga yafika 41. Yatsopano ndi nantchengwa, amene ndinamupeza akusaka achule m'mbali mwa mtsinje wa Marimba. Anamzeze ndi ambiri, atchete ali kalikiliki kuluka zisa m'mabango. Kambalame kobisala kaja ka striped crake, kamene anthu amabwerera kuno nyengo ya dzinja, sindinakaonebe. Masabata atatu tsopano ndikungonyowa chabe.

Nkhani yandivuta sabata ino si mbalame ayi, ndi kachitini ka ndalama. Kuyambira Epulo ndakhala ndikuponyamo madola a ulendo wa ku Mana Pools, paki ya nyama zakutchire ya m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Sindinapondeko, koma agogo ankakonda kusimba za njovu za m'mbali mwa Zambezi mmene ankabwera kuchokera ku Dedza, ndipo mtima wanga unakhala kumeneko. Tsono ndatapamo kugulira matumba ndi magolovesi otolera zinyalala m'dambo.

Alamu atamva anaseka. "Alamu, inu mukusunga achule a m'tauni? Nyama zenizeni zili m'mapaki a Hwange ndi Gonarezhou."

Sindinawatsutse kwenikweni. Mana Pools ili pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse kuyambira 1984, ndipo malo otere akaonongeka sabwereranso. Koma kumeneko kuli alonda a ZimParks, bungwe la boma loyang'anira mapaki, kuli alendo olipira madola pachipata. Monavale, ngakhale inalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2013 pamodzi ndi Cleveland Dam ndi nyanja ya Chivero, ikudyedwa pang'onopang'ono: uyu walima kamunda ka chimanga, uyo wathira zigumu za njerwa usiku, wina wakhoma zikhomo za poloti. Wolima chimangayo sindimudzudzula kwambiri, nanenso ufa ndimaudziwa mtengo wake. Wa zigumu ndiye amandiwawa.

Dambo limamwa madzi a mvula, kuwasefa, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mu Marimba, amene amakathira mu Chivero. Madzi a m'mipopi yathu, tsiku limene atuluke, amachokera komweko. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa m'paki ya Chivero zitamwa madzi oipa a m'nyanjamo. Alamu ndinangowakumbutsa zimenezi, anati zii. Zipembere zija si nyama zenizeni kodi?

Kuchoka mu Chivero madziwo amatsata Manyame mpaka mu Zambezi, ngakhale amakalowa kumunsi, ku Mozambique, osadutsa pa Mana Pools. Ndinayang'ana pamapu ndikufuna kudzinyenga kuti thumba langa la mabotolo likuthandiza mvuu za kumeneko. Sizinatheke.

Ndiye ndagawa chonchi: pa madola atatu alionse, awiri atsale m'chitini, limodzi lipite ku dambo. Ulendo wasunthira ku Seputembala, nyama zikamasonkhana m'madziwe. Loweruka likudzali ndikalawirira mbali ya kumtunda, kumene udzu uli wautali, ndipo alamu akuti majombo awo akuwafuna.