Flow cell yathu inafera mufiriza

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: mu labu yathu yofufuza mankhwala ochokera ku mabakiteriya a m'dothi, ndinali kutola makoloni (timagulu ta mabakiteriya) pa starch casein agar, chakudya chimene timawameretsapo m'mbale, kuphwanya maselo ndi enzyme ya lysozyme, kuyeza kuchuluka kwa DNA pa makina a Qubit. M'dothi la pachulu lomwe tinakumba ku Zomba munamera mabakiteriya angapo a mtundu wa Streptomyces, ouma ngati choko. Ukatsegula mbale, kafungo ka geosmin kamakulandira, kaja kamamveka mvula yoyamba ikagwera pafumbi. Mmodzi mwa iwo anali ataletsa bakiteriya woyambitsa matenda, Staphylococcus aureus, kumera pafupi naye, moti pomuzungulira panali poyera. Ndinkangoyembekeza Lachitatu kuti ndione majini amene akupanga mankhwalawo.

Lachitatu m'mawa ndinapita kukatenga mufiriji flow cell, kachipangizo komwe timaika pa MinION, makina owerengera DNA. Munalibe. Ndinaipeza mufiriza ya madigiri -20, itauma gwa.

Firiji ija inasiya kuzizira bwino kalekale. Ndinalemba memo kawiri, yankho linali lakuti "tikuona za bajeti". Lachiwiri madzulo inaferatu, ndipo mtsikana wathu wa internship, atatsala yekha, anafuna kupulumutsa katundu. Palibe anamuuzapo kuti flow cell imafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo ikauma timabowo take (ma pore), momwe DNA imadutsa powerengedwa, timafa. Ndinaiyikabe pa makina mtima uli m'mwamba. Yatsopano imayenera kuonetsa ma pore osachepera 800. Yathu inaonetsa ochepa moti sindinavutike n'kukonza library, DNA yokonzedwa kuti iwerengedwe. Tinaidikira miyezi itatu, za forex ndi za kasitomu mukuzidziwa.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi msonkhano wa Lachinayi. Abwana anafuna kalata yochenjeza mwanayo. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Bwana, ngati pali wolakwa, tiyambe ndi memo zija." M'chipinda munangoti zii. Mwanayo misozi ili m'maso, ine manja akunjenjemera.

Anthu amaona ngati timaseweretsa dothi. Streptomycin, mankhwala oyamba amene anagwira ntchito pa TB, anachokera ku Streptomyces griseus mu 1943. Genome (DNA yonse) ya Streptomyces coelicolor itawerengedwa mu 2002, anapeza magulu a majini opanga mankhwala oposa 20, ambiri ali chete, osaoneka m'mbale. N'chifukwa chake timafuna genome yonse kuti pulogalamu ya pakompyuta ya antiSMASH itisonyeze zobisikazo.

Lachisanu ndinangoika ma spore (timbewu ta mabakiteriyawo) mu glycerol kuti asungike, n'kusunga DNA. Kalata ija sinalembedwe. Flow cell ina taitanitsa, koma firiji ikadali pakona, chitseko chili pululu.