Mamililita asanu, maola awiri aliwonse

Mwana wanga anabadwa mimba ili ndi masabata 32, m'mwezi wa June, nthawi imene Mzuzu amazizira mpaka m'mafupa. Atamuika pa sikelo, anesi anawerenga mokweza kuti makilogalamu 1.5. Ndiye kuti paketi imodzi ya shuga ndi theka. Ndinangomuona kamphindi, kenako anathamanga naye ku nazale. Ndikulembera mayi mnzanga amene mwina lero wagona pabedi ngati lija, mawere akuwawa, mwana ali chipinda china, iye osadziwa poyambira.

Poyambira ndi kufinya mkaka. Mwana aliyense wobadwa masabata 37 asanakwane amawerengedwa kuti wabadwa masiku asanakwane, koma wanga anali asanafike ndi pa msinkhu woyamwa. Anesi anandifotokozera kuti kuyamwa, kumeza ndi kupuma nthawi imodzi ndi luso limene limakhwima cha m'ma sabata 34. Usiku womwewo anabwera ndi kakapu koyera.

"Amayi, dzukani musambe m'manja. Mwana wanu akudikira chakudya."

Anandigwira dzanja n'kundionetsa. Chala chachikulu pamwamba, pamene pathera kuda kozungulira nsonga ya bere, chala cholozera pansi. Umakanikiza cholowetsa mkati kaye, kenako n'kufinya, n'kutaya, n'kufinyanso. Nsonga sukoka, imangopweteka osatulutsa kanthu. Ndinafinya mpaka manja kuwawa, ndipo munangotuluka timadontho tachikasu tomata, tosadzaza ndi supuni ya tiyi yomwe. Ndinalira, poganiza kuti ndilibe mkaka. Anesi anatunga timadontho tija ndi sirinji, osasiyako n'kamodzi komwe, nanena kuti mkaka woyambawu ndi umene umateteza matumbo a mwana ku matenda. Kwathu ku Dedza ndinakula ndikumva ena akuti mkaka wachikasu ndi woipa, wofunika kutaya. Musataye, chonde.

Ku nazale ndinamupeza ali ndi kachubu kolowa m'mphuno mpaka m'mimba, komata ndi pulasitala pa tsaya. Mkaka umathiridwa mu sirinji yolumikiza ku kachubuko, iwe n'kuikweza pang'ono kuti utsike wokha. Sukankha. Tinayamba ndi mamililita asanu maola awiri aliwonse, ndipo tsiku lililonse adokotala ankawonjezera pang'ono, atayamba amugwira pamimba kuona ngati sipanatupe, ndi kufunsa ngati sanasanze. Ine mtima unkafuna kumuthirira wambiri kuti akule msanga, koma matumbo a mwana wotere sachedwa kuvulala ukawathamangitsa.

Sabata yoyamba sikelo inatsika m'malo mokwera. Palibe chimene chinandiopsa ngati chimenecho, ndipo ndikanakonda wina akanandiuziratu kuti ana ongobadwa amayamba atsika kaye, n'kubwerera pa kulemera kobadwa nako patatha pafupifupi sabata ziwiri.

Atayamba kupuma bwino payekha, anatisamutsira ku wodi ya kangaroo. Mabedi onse anali odzaza. Lipoti la padziko lonse la 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse, kuti mwa ana 100 obadwa, pafupifupi 18 ankabadwa masiku asanakwane, ndipo m'chipinda chija ndinawaona ndi maso: amayi a ku Nkhata Bay, a ku Rumphi, a ku Mzimba, aliyense ali ndi kamutu kovala chipewa kotulukira pachifuwa. Mwana amavala thewera, chipewa ndi masokosi basi. Umamuika pakati pa mawere chilili, khungu lake pa khungu lako, mutu utayang'ana kumbali, miyendo itapindika ngati ya chule, n'kumanga chitenje molimba cha m'munsi mwa khutu. Njirayi inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, ndipo kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza maola 8 mpaka 24 patsiku. Poyamba ndinkayesa kuti kangaroo ndi nkhani ya kufunda kokha. Ayi, ndi nkhani ya chakudyanso. Mwana wozizidwa amawononga mkaka umene wamwa pofunditsa thupi, m'malo moti akule nawo. Ndiponso ine ndikamunyamula chonchi, mkaka unkatsika wokha mpaka kunyowetsa chitenje.

Kenako inafika nthawi ya kapu, ndipo apa ndi pamene ndinavutikira kwambiri. Umamukhazika chokhala pamiyendo, dzanja limodzi litagwira khosi ndi mutu, manja ake utawakulunga m'nsalu kuti asagunde kapu. Kapuyo umaigoneka pa mlomo wam'munsi n'kuipendeketsa mpaka mkaka ungokhudza milomo. Ukatero umadikira. Suthira m'kamwa ngakhale pang'ono, angatsamwe. Tsiku loyamba anangogona, mkaka uli pamlomo. Tsiku lachiwiri ndinaona kalilime kakutuluka, kakunyambita ngati kamwana ka mphaka, kenako kupuma, kenako kunyambitanso. Mamililita 20 ankatitengera pafupifupi theka la ola. Wina unkatayikira pa kansalu ka pachibwano, ndipo wotsala m'kapu tinkamupatsira m'chubu. Mayi wa bedi loyandikana nane, amene anali atakhala kale sabata zitatu, ndi amene anandiphunzitsa kumusisita pansi pa phazi akayamba kusinza. Ankati, "Achemwali, musafulumire, mwanayu ali ndi nthawi yake." Botolo anatiletsa, chifukwa ndi lovuta kutsuka bwino ndipo limasokoneza mwana pophunzira bere.

Usiku wina ndinagonereza. Ndinadutsitsa chakudya cha 2 koloko, n'kudzidzimuka cha m'ma 4, chitenje chitamasuka, mapazi a mwana ali zii, iye ali lefuu, osafuna n'kutsegula pakamwa. Anesi anamuyeza kutentha ndi shuga wa m'magazi, anamupatsa mkaka m'chubu, ine n'kumumanganso pachifuwa mpaka atafunda. Kumeneko ndinaphunzira kuti mwana wobadwa masiku asanakwane salirira njala. Amangogona, shuga n'kumatsika. Kuyambira tsiku limenelo ndinatchera alamu pa foni, ndipo tinapangana ndi amayi anzanga kuti wodzuka adzutse mnzake.

Sikelo ya m'mawa inasanduka nkhani ya wodi yonse. Ankafuna kuti aziwonjezera pafupifupi magalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, ndiye kwa wanga magalamu opitirira 20 pang'ono. Atayamba kukwera mwaulesi, anesi anandiuza kuti ndizifinya bere limodzi mpaka lifewe ndisanapite ku linzake, chifukwa mkaka wotuluka kumapeto ndi umene uli ndi mafuta ambiri. Ukauyang'ana m'kapu umaoneka ndithu: woyamba ngwamadzimadzi, wotsiriza ngwoyera kwambiri. Za ine mwini, ndinkadya nsima ndi usipa, nyemba, masamba otendera, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndi kumwa madzi ndikamva ludzu. Komabe chimene chinachulukitsa mkaka ndi kufinya pafupipafupi, kosachepera kasanu ndi katatu pa tsiku, usiku womwe. Ndisanamupatse kapu ndinkayamba ndamuika kubere, anyambite, agwire, ataye. Tsiku lina anagwira osataya, ndipo ndinamva kumeza kwake, kakaphokoso kakang'ono kwambiri.

Anatitulutsa ataona kuti akuyamwa ndi kumwera kapu popanda chubu, ndipo sikelo yakwera masiku atatu otsatizana. Anandipatsa mankhwala a madontho owonjezera magazi, popeza mwana amasunga ayironi wambiri m'miyezi yomaliza ya mimba, imene wanga anaiphonya. Anandiwerengeranso zizindikiro zobwerera nazo msanga, ngakhale pakati pa usiku: kukana kudya, kuzizira kapena kutentha thupi, mimba kutupa, kusanza zobiriwira, kupuma mobanika kapena kuima kupuma, chikasu, kukomoka.

Kunyumba ku Chibavi ndinapeza apongozi afika kuchokera ku Ekwendeni. Anamuona mdzukulu wawo, misozi n'kulengeza. Mawa lake anati mwana wochepa chonchi sangakule ndi bere lokha, apatsidwe dawale, amwetsedwenso mzuwula, zakumwa zimene makolo akumpoto amapatsa makanda, monga anachitira ndi ana awo onse. Ndinadziwa kuti akunena mwachikondi, ndiye sindinawatsutse pamaso. Ndinangoti, "Amayi, Lachinayi tipitire limodzi ku sikelo, mukamve nokha." Kumeneko anesi anawalandira mwaulemu, nawafotokozera m'Chitumbuka kuti kamimba ka mwanayu n'kakang'ono, madzi kapena phala zikalowa zimalanda malo a mkaka n'kubweretsa kutsegula m'mimba, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yoyamba akhale wa bere lokha. Anaona okha nambala ya pa sikelo ndi ya sabata yapitayo m'buku la kuchipatala. Pobwerera ananyamula mwana ndi iwo, pachifuwa, mkati mwa bulauzi.

Kuyambira pamenepo tinkasinthana atatu. Bambo a mwana akaweruka ankavula malaya n'kumumanga pachifuwa kuti ine ndisambe ndi kugona pang'ono. Ndikafuna kuchokapo ndinkasiya mkaka m'kapu yowiritsa, yovindikira, pamalo ozizira, ndipo ukadutsa maola anayi sitinkamupatsa. Mbaula sitinkailowetsa m'chipinda ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wa makala m'nyumba yotseka umapha.

Masiku amene anayenera kubadwa atayandikira, mu August, sikelo inaonetsa makilogalamu 2.5. Sabata yomweyo anayamba kukana chitenje, kumatulutsa manja, kutukuta, kulira ndikamumanga, ndipo anesi anati chimenecho ndi chizindikiro choti kangaroo yakwana. Kakapu kaja ndinakatsuka n'kukapereka kwa apongozi, amene anakakulunga m'kansalu n'kukaika m'chikwama chawo pobwerera ku Ekwendeni.