Tsiku lomwe apongozi anandipeza ndikuphika asilikali

Poti nkhaniyi yafika kale pa gulu la WhatsApp la anyamata a mpira ndipo ena mwayamba kundiitana kuti Jenerali wa Mumpoto, bola ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga. Choyamba, sindimawaphika. Ndimawawongola. Pali kusiyana, ngakhale ndikuvomera kuti ukayang'ana mumpotomo kusiyanako sikumaoneka bwinobwino.

Mukuwadziwa asilikali anga aja, tobiriwira ta pulasitiki totalika ngati chala, tofanana ndi ta mu kanema wa zidole uja wa Toy Story, tija mapazi ake anamatidwa pa kathabwa moti poyenda timachita kudzandira ngati munthu wavala siketi yothina. Ndinali nawo 163 ndipo ndimawadziwa mmodzimmodzi. Ambiri ndinatola m'milu ya zidole za kaunjika ku Limbe, koma ndowa yathunthu ananditumizira mng'ono wanga wa ku Johannesburg kudzera kwa dalaivala wa basi. Ndiye ndowa ija inayenda masiku awiri kunsi kwa basi, yopanikizidwa ndi mabulangete ndi zigubu za mafuta ophikira za eni ake, kutentha kwa ku Tete kuja nkumawawamba. Pofika kuno gulu lonse linali lolumala. Wa bazuka akuloza phazi lake lomwe, wa wailesi eriyo yapotana ngati mchira wa nkhumba, wina mfuti yakhota mpaka ikuyang'ana mnzake wa kumbuyo.

Mankhwala ake ndi osavuta ndipo aliyense wosunga zinthu zimenezi amawadziwa: umamviika msilikali m'madzi otentha kwa masekondi ochepa, pulasitiki ikafewa umawongola ndi zala, kenako umamponya m'madzi ozizira kuti aumire pomwepo. Madzi otentha, osati owira. Mmodzimmodzi, osati gulu. Malamulo awiri okhawo, ndipo ine ndinaphwanya onse.

Linali Loweruka, mayi a kunyumba apita ku chinkhoswe, magetsi kulibe. Ndinakoleza mbaula pakhonde, ndikuteleka poto wa ndiwo, uja wabwino wa mphatso ya ukwati. Nditawongola anayi ulesi unandigwira, ndinati aaa, nkhondo samenya mmodzimmodzi, ndikukhuthuliramo 30 nthawi imodzi nkuvundikira kuti ndikatenge beseni la madzi ozizira. Ndisanafike nkomwe pampopi ndinangomva "Odi kuno!"

Apongozi. Ochokera ku Dedza, thumba la kachewere pamutu. Anthu amene tinagwirizana kuti abwera Lamulungu.

Tsono inu amene mukuseka, ndiuzeni, mkamwini wanji amene angasiye apongozi ali chilili nkuthamangira poto? Ndinawatula, ndikuwayalira mkeka, ndikunjuta chapatali monga mwa mwambo, moni nkuyambika. Ndipo moni wa apongozi anga sathera panjira. Kumudzi ali bwanji, abambo mwendo uja, mbuzi ija inaswa, mvula, mtengo wa feteleza, maliro a kwa amfumu. Ine ndikungoti "eya amayi, zikomo amayi, pepani amayi" uku khutu lili ku mbaula komwe chivundikiro chayamba kuvina, kwete kwete kwete.

"Apongozi, mukuphika nokha? Ayi ndithu, ine ndilipo mwamuna asagwire chikombe." Ndinati amayi musavutike. Anati sikuvutika. Ndinati amayi si ndiwo. Anali atafika kale.

Abale, nthawi imene ija ndidzafa nayo. Anavundukula, nthunzi inati fwaa, ndipo itabalalika munaoneka anthu. Anthu obiriwira akuzungulira mumpoto mwakachetechete. Woyamba kutulukira anali wa zoyang'anira patali uja, anabwera pamwamba bwinobwino, kuwayang'ana apongozi m'maso ndi mabainokyula ake, nkumira. Kenako wokwawa uja anadutsa chosambira ngati ali ku Senga Bay pa holide. Kenako sajeni, dzanja lili m'mwamba, ngati akuti amayi tipulumutseni tili ndi ana. Nkumira. Wa mabainokyula nkubweranso kachiwiri kudzatsimikiza ngati alidi apongozi. Palibe analankhula. Ngakhale galu wa aneba amene amauwa ndi mphepo yomwe anakhala chete. Ine ndikanali chonjuta pomwe paja, manja ali pamodzi, ngati moni ukupitirira.

Anabwezera chivundikiro pang'onopang'ono, mwaulemu, momwe amatsekera bokosi pamaliro. Anapukuta manja pachitenje. Ndiye osandiyang'ana anafunsa motsitsa mawu, "Apongozi, anthuwa alakwa chani?"

Apa ndi pomwe ndinadziphera mlandu ndekha. Mmalo mongoti ndi zidole za mwana, pakamwa panga panasankha kuphunzitsa. Ndinayamba zoti amayi awa ndi a mu kanema wa ku America wa 1995, woyamba wautali kupangidwa yense pa kompyuta, ndipo amene ankalankhula mawu a sajeni, R. Lee Ermey, anali msilikali weniweni wophunzitsa anzake usilikali, komanso mu 2014 tiasilikali timeneti tinalowetsedwa m'nyumba yolemekezera zidole ku Rochester, New York. Apongozi anangoti "mhm". Ndiye pofuna kuti amvetse bwino ndinawonjezera kuti chosangalatsa nchoti anthu akachoka m'chipinda, iwowa amadzuka nkumayenda, kulankhulana, kukazonda zomwe zikuchitika pabalaza nkudzapereka lipoti.

"Amayenda."

"Mu kanema mokha amayi."

"Nkudzakuuzani zomwe amva."

Nthawi yomweyo maso awo anadutsa pakhomo nkukagwera pa kabati ya pabalaza, muja munkakhala makapu a alendo, momwe anzawo 129 anali ndandanda m'mizere, mfuti zonse zitaloza kukhomo. Kenako anayang'ana njinga yamoto ija ndinagula mwezi watha, ya ngongole ya ku banki mkhonde, ndikubwezabe mpaka pano. Ndinaona ndi maso anga masamu akuchitika pankhope pawo. Mawu oti ndondocha sanawatchule, ndi mayi aulemu, koma anayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi akubwerera chafutambuyo mpaka kukatsamira mpanda, kachewere wawo atamukokera pafupi ngati nayenso ndimuphika.

Ndipo poto akuwirabe, musaiwale. Fungo la pulasitiki linafika kwa aneba, amayi a pa nyumba yachitatu anabwera ndi kabotolo ka madzi odalitsa osaitanidwa ndi munthu, ana anadzaza pampanda. Madamu anaimbiridwa foni ali pakati povina ku chinkhoswe, uthenga wake unali woti bwera msanga amuna ako akuphika anthu. Anafika pa kabaza nsapato zili m'manja, kuvundukula poto, nkukhala pansi kuseka mpaka misozi, zomwe sizinandithandize konse chifukwa apongozi anaganiza kuti mwana wawo naye zamulowa.

Koma tiyeni tinene chilungamo. Alipo amuna pagulu pompano amene malipiro amathera kubetcha mpira, ena Lachisanu akalowa ku bala amatulukira Lolemba m'mawa. Ine ndimakhala pakhomo, ndimapukuta tiasilikali tanga ndi mswachi wakale, sindinalakwirepo munthu. Poto mmodzi yekha basi ndiye ndasanduka mfiti ya mu Chilobwe monse?

Pa 30 aja, 19 anapulumuka, ena mfuti zinawongoka bwino kuposa kale, ndiye njirayo imagwira ntchito, musanyoze. Koma 11 amene anali pansi anasungunuka nkugwirana kukhala chibuma chimodzi chokhala ndi mitu isanu ndi bazuka imodzi yotulukira pamalo osayenera. Apongozi usiku umenewo nsima anakana, anangomwa tiyi, atafunsa kaye kawiri kuti madzi ake awiritsira muti. Pogona anapempha kuti kabati ifundidwe chitenje, ndipo m'mawa ndinapeza aika Baibulo pamwamba pake.

Poto uja madamu akuti ndigule wina, akumveka fungo. Chibuma chija ndachisunga, chili pawindo. Ngati wina ali ndi msilikali wofufuza mabomba pansi, uja wonyamula chokhala ngati mopu, andiuze, wanga ali m'kati mwa chibumacho penapake.