Kamwanapiye kotang'adza kaja kayamba kuyenda

Anzanga a nkhuku, kamwanapiye ka Mikolongwe kamene kanandisowetsa tulo kayamba kuyenda. Kakuyenda mozandima ngati munthu wochokera ku kachasu, koma kakufika kokha pa chomwera, ndipo zimenezi zandikwana.

Anzake anaswa bwinobwino pa tsiku la 21 mu inkubeta (makina oswetsera mazira) yanga yaing'ono. Aka kanachedwa, ndipo kanatuluka miyendo ili yotang'adza, wina uku wina uko, mimba ili pansi. Phazi lamanja zala zinali zopindikira m'kati. Ine ndikuloza chala magetsi, chifukwa sabata yomaliza ankazima usiku ndipo kutentha kumatsika kutali ndi 37.5 digiri imene imafunika. Komanso mazirawa ndinachita kugula. Ngati misoti imene inaikira inkaperewera vitamini B2, zala zopindika zimachokeranso kumeneko.

Kamwanapiye kotere timakamanga miyendo kuti isatang'adze, koma ndisanamange chilichonse ndinayamba ndapenda mawondo. Pali vuto lina limene mtsempha wa kuseri kwa bondo umaguluka pamalo pake, bondo n'kutupa, mwendo n'kupotokera kumbali. Kawirikawiri limagwira mwendo umodzi ndipo limayenderana ndi kuchepa kwa mchere wa manganese m'thupi. Limenelo kumanga miyendo sikuthandiza kwenikweni. Kanga mawondo anali osatupa, ndipo ndikaisonkhanitsa miyendo ndi zala zanga kamaima n'kumakankha pansi ndi mphamvu. Apo ndinadziwa kuti kangathe kuchira.

Chimene chandidyera masiku ndi chomangira. Aliyense amanena za pulasitala wa pachilonda: mudule m'litali, pofewa paja pakhale pakati, mbali zomata muzunguze pa miyendo pamwamba pa mapazi. Kunena n'kophweka. Mu brooder, mofunditsira anapiye, sabata yoyamba kutentha kumakhala 32 mpaka 35 digiri, ndiye ulimbo wa pulasitala umafewa. Amatsetsereka mpaka pa zala, amamata bweya, ndipo chakudya ndi zitosi zimakakamira pomwepo mpaka pamakhala chibuma. Anzakenso akaona choyera pa mwendo amachijompha, kuchikoka, kamwanapiye n'kumakhwekhwerezedwa. M'mawa uliwonse ndimapeza pulasitala ali pakona, iko kali chigonere chotang'adza. Mnzanga wina anati ndiyese ulusi wolukira juzi. Ndinakana, chifukwa ulusi ukanyowa umathina, ndipo mwendo wa mwanapiye suchedwa kutupa.

Chimene chagwira ntchito ndi kalasitiki komangira tsitsi la mwana, tija tating'onoting'ono, ndi kachidutswa ka straw yomwera jusi. Straw ndinaidula pafupifupi masentimita awiri ndi theka, ndi kupisa kalasitiki m'kati mwake kuti mbali zonse kutuluke kadiso, phazi lililonse n'kulowa m'kadiso kake. Straw imaletsa miyendo kugundana, lasitiki imailetsa kutang'adza, ndipo palibe ulimbo. Mpata wake ufanane ndi mmene mwanapiye wabwino amaimira. Mukaupanikiza amagwa chafufumimba, mukautalikitsa ndiye palibe chimene mwachita. M'mphepete mwa straw ndinadulamo mosamala kuti pasakhale pakuthwa. M'mawa ndi madzulo ndimagwira zala kuona ngati zikufunda, ndipo kamodzi pa tsiku ndimavula zonse, kukaimika pa thaulo, kuona ngati miyendo ikukhazikika yokha.

Zala ndinazipangira nsapato ya katoni ya sopo: kuziwongola, zitatu kutsogolo china kumbuyo, ndi kumata tepi ya pepala pamwamba. Katoni imaterera, choncho kunsi kwake ndinamatako pulasitala uja, mwina apezeko ntchito. Zonsezi zimafuna masiku awiri kapena atatu oyambirira, mafupa akadali ofewa. Sabata ikatha mwendo umakhala utakhwima mmene uliri.

Pansi sindiyala nyuzipepala, imaterera. Phunziroli ndinalitenga nthawi ya zinziri ija, pamene aliyense ankaweta. Tiana take timaswa pa masiku 17 kapena 18 okha, timiyendo ngati palibe, ndipo pamalo posalala timatang'adza kungotembenuka kamodzi. Masiku oyamba ndimayala thaulo lakale, kenaka mankhusu a mpunga. M'chomwera ndimaponyamo timiyala, popeza mwanapiye womangidwa miyendo akagwera m'madzi sadzuka. Kudya sikunandide nkhawa poyamba, paja amaswa ali ndi chachikasu cha dzira m'mimba chimene chimawasunga masiku awiri kapena atatu. Madzi okha ndimakamwetsa pokhudzitsa mlomo, osathira m'kamwa, kuopa kutsamwa. Chick mash, chakudya cha anapiye, ndimaiviika pang'ono. Ndinakapatulanso m'katoni pamodzi ndi mnzake mmodzi wofatsa, chifukwa kakakhala kokha kamalira usiku wonse osadya.

Mavitamini a m'madzi ndimagula kwa mayi wina wa shopu ya zaulimi pa Lunzu. Ndimawakonda chifukwa amakuonetsa okha deti pa paketi, ndipo katemera sakupatsa ngati sunabwere ndi fulasiki ya ayezi. Ena amangokukulungira m'jumbo dzuwa lili pamutu, iwe n'kumadabwa chitopa chikasesa khola.

Kakadzakhala tambala sindidzakasiya kuti kakwere misoti, kuopa kuti vuto la miyendoli lingapite kwa ana ake, kadzathera mumphika. Kakakhala msoti, mazira ake n'ngodya basi, osati oika mu inkubeta.

Lasitiki ndivula sabata ino ngati kapitiriza chonchi. Kenaka katemera wa chitopa, uja wa I-2 wodonthezera m'diso, ndi wa matenda a gumboro. Za magetsi ndatopa nazo. Pali fuliji yakufa kuseri kwa nyumba imene ndikufuna kuisandutsa inkubeta, ndipo ndikuiona ngati ingalowe mazira 500 nditaiika fani, thermostat yowongolera kutentha, batire ndi sola. Ndalama yake sindinaione, koma thireyi ndayamba kale kuyeza.